PHUNZIRO LA MWEZI UNO: Mowa ndi mankhwala ozunguza bongo ku maphwando a zoyimbayimba

Cholinga cha phunziro

Pomaliza pa phunziroli, mayi aliyense athe kuchita zinthu zitatu: kufotokoza chifukwa chake mowa ndi mankhwala ozunguza bongo zimaopsa kwambiri pa phwando la pabwalo, kuzindikira munthu amene moyo wake uli pa chiswe, ndiponso kukambirana ndi mwana wake asananyamuke.

Mawu oyamba

Amayi anzanga, nyengo yotentha ikafika, kuyambira Seputembala mpaka Novembala, achinyamata ambiri amalongedza zikwama kulowera kunyanja. Kumeneko kumakhala maphwando a zoyimbayimba otenga masiku awiri kapena atatu, usana ndi usiku. Phwando la Lake of Stars linachitika koyamba mu 2004 ku Chintheche. La Sand Music Festival analiyambitsa malemu Lucius Banda mu 2010, ndipo lachitikira kambirimbiri ku Salima. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kuli la Tumaini limene linayamba mu 2014. Ana athu amene ali ku Johannesburg, ku Harare ndi ku Britain nawonso amapita ku maphwando otere, ena aakulu kuposa athuwa.

Maphwandowa ali ndi ubwino wake. Oyimba athu amapezerapo cholowa, ndipo amayi ambiri a geni, kuphatikizapo ena mwa ife, amagulitsako nsomba, tchipisi, nsima ndi zakumwa. Achinyamata ambiri amapita n'kubwerako bwinobwino. Koma pamene pasonkhana chikhamu, pamakhalanso mowa, chamba ndi mapilitsi. Tikhoza kumuletsa mwana wa zaka 15, ndipo n'koyenera kutero. Wa zaka 22 amene ali pa ntchito kapena ku koleji sangatipemphe chilolezo, angotiuza kuti wapita kocheza kwa mnzake.

Mfundo yaikulu ya phunziro lathu ndi iyi: wachinyamata akadwalika ndi mowa kapena mankhwala, nthawi zambiri pamakhala mpata womupulumutsa. Mpatawo umatayika chifukwa anzake sadziwa zizindikiro, kapena akuopa apolisi, kapena akuopa ife makolo.

1. Chifukwa chiyani phwando la pabwalo limaopsa?

Munthu akamamwa pakhomo, amakhala pamthunzi, wadya, ndipo akatopa amagona. Ku phwando zinthu zimasiyana. Dzuwa limaswa mtengo, mchenga umatentha, munthu amavina maola ambiri pakati pa chikhamu, thukuta lili kamukamu. Chakudya chimadula, choncho ambiri amasunga ndalama ya mowa n'kumangodya pang'ono. Tulo sagona mokwanira kwa masiku awiri. Thupi lotopa, lopanda madzi ndi chakudya, silingapirire mowa umene likanaupirira tsiku lina.

Chinanso n'chakuti malowa amakhala kutali ndi chipatala chachikulu, ndipo usiku m'chikhamu munthu wogwa pansi saoneka msanga. Amene amuona amangoti, "Waledzera ameneyo, musiyeni agone."

2. Zimene mowa umachita m'thupi

Mowa ukamwedwa umalowa m'magazi kudzera m'mimba ndi m'matumbo. M'mimba mukakhala mopanda kanthu umalowa mofulumira. Chiwindi ndicho chimauchotsa, koma chimagwira ntchito pa liwiro lake, osapitirira botolo limodzi la mowa wamba pa ola. Palibe chimene chingachifulumizitse. Khofi, mkaka, kusamba madzi ozizira, kuyendetsa munthu uku ndi uku, zonsezi sizichotsa mowa m'magazi.

Tidziwenso kuti munthu akasiya kumwa, mowa umene uli m'mimba umapitirizabe kulowa m'magazi. N'chifukwa chake munthu akhoza kugona akuoneka ngati wangoledzera pang'ono, patapita ola limodzi n'kukhala atakomoka.

Mphamvu ya mowa imasiyana. Mowa wamba wa m'botolo umakhala ndi ukali wa pafupifupi 5 peresenti, pamene mowa woyera waukali umafika 40 peresenti. Tikawerengera, kabotolo ka mamililita 200 ka mowa waukali n'kofanana ndi mabotolo pafupifupi 5 a mowa wamba a mamililita 330. Wachinyamata akamaliza timabotolo tiwiri totere pa ola limodzi, wamwa mowa umene chiwindi chake chingaulimbane nawo usiku wonse mpaka kucha. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, monga mmene dziko la Zambia linaletsera tujilijili mu 2012, koma mowa wotchipa waukali unapitiriza kupezeka m'timabotolo tosavuta kubisa m'thumba. Kachasu ndiye sadziwika n'komwe ukali wake.

Mowa umakodzetsa pafupipafupi, motero umaonjezera vuto la kuchepa kwa madzi m'thupi. Umatsitsanso shuga wa m'magazi mwa munthu amene sanadye. Ukachuluka umafooketsa mbali ya ubongo imene imayendetsa kupuma, ndiponso imene imachititsa munthu kutsokomola akatsamwa. Apa m'pamene pagona ngozi yaikulu: munthu wogona chagada akasanza, masanziwo amalowa m'mapapo.

Achinyamata amakonda kusakaniza mowa ndi zakumwa zija amati zopatsa mphamvu. Zakumwazi zimabisa tulo ndi kutopa, munthu n'kumadziona ngati akadali bwino, choncho amamwa mopitirira.

3. Chamba, mankhwala a chifuwa ndi mapilitsi

*Chamba.* Lamulo la 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa amene ali ndi chiphaso. Kusuta chamba pofuna kusangalala ndi mlandu m'Malawi. Chamba chikakumana ndi mowa chimabweretsa chizungulire, kusanza, mtima kugunda kwambiri ndi mantha osadziwika chiyambi. Chophikira m'makeke chimatenga ola limodzi kapena awiri chisanayambe kugwira ntchito, ndiye wosadziwa amadya china poganiza kuti choyambacho chinalibe mphamvu. Kwa achinyamata ena chamba chimadzutsa matenda a misala.

*Mankhwala a chifuwa ndi ogonetsa.* Mankhwala ena a chifuwa ali ndi codeine, ndipo achinyamata amawathira m'zakumwa zoziziritsa kukhosi. Codeine, komanso mapilitsi ogonetsa monga diazepam, amachepetsa kupuma monga mmene mowa umachitira. Ziwirizi zikaphatikizana, munthu akhoza kusiya kupuma ali m'tulo.

*Mapilitsi ovinira.* Ku maphwando a ku Ulaya, Australia ndi South Africa kumapezeka kwambiri mankhwala otchedwa MDMA kapena ecstasy. Amene ali ndi ana kunja amvetsetse bwino ndime ino. Mankhwalawa amachititsa munthu kuvina osatopa, koma amakweza kutentha kwa thupi. Thupi la munthu wabwinobwino limatentha madigiri 37. Likapitirira 40, ubongo, impso, chiwindi ndi minofu zimayamba kuonongeka. Amachititsanso thupi kusunga madzi osakodza, kotero kuti munthu akamwa madzi ambiri nthawi imodzi, mchere wa m'magazi umasungunuka ndipo ubongo umatupa. Mu 1995 mtsikana wina wa zaka 18 ku England anamwalira motere, atamwa pilitsi limodzi kenaka n'kumwa madzi okwana malita pafupifupi 7 pa nthawi yosakwana maola awiri. Munthu wovina pa dzuwa azimwa madzi pang'onopang'ono, pafupifupi theka la lita pa ola, n'kumapumula pamthunzi.

Pilitsi logula kwa munthu pa phwando palibe amene amadziwa zimene zili m'kati mwake. Awiri ofanana mtundu akhoza kusiyana mphamvu kawiri kapena katatu.

4. Phunziro lochokera ku Australia

Tikupita kutali pang'ono, chifukwa kumeneko nkhaniyi anaifufuza mwatsatanetsatane m'bwalo la milandu. Pakati pa Disembala 2017 ndi Januwale 2019, achinyamata 6 a zaka za pakati pa 18 ndi 23 anamwalira atamwa MDMA ku maphwando a zoyimbayimba m'chigawo cha New South Wales, kumene kuli mzinda wa Sydney. Woweruza wofufuza za imfa, mayi Harriet Grahame, anamva umboni wa makolo, anzawo a malemuwo ndi madokotala, ndipo anatulutsa zimene anapeza mu Novembala 2019.

Anawa sanali zigawenga kapena anthu otayika. Anali ana a pasukulu ndi a pa ntchito, ochokera m'mabanja owakonda. Kutentha kwa dzuwa, kuvina kwa nthawi yaitali, kuchuluka kwa mankhwala ndi kusakaniza ndi mowa zinathandizira imfa zawo. Iwo ndi anzawo sankadziwa bwino zizindikiro zoopsa, ndipo kwa ena chithandizo choyenera chinachedwa. Mtsikana wina wa zaka 19 anameza mapilitsi ake onse asanalowe pa chipata poopa kuti apolisi amugwira nawo. Mayi Grahame anaona kuti kuchuluka kwa apolisi ndi agalu onunkhiza kumachititsa ena kumeza mankhwala onse nthawi imodzi chifukwa cha mantha. Analangiza boma kuti lilole akatswiri kuyeza mapilitsi pa phwando pomwepo, n'kumalangiza achinyamatawo maso ndi maso. Boma linakana poyamba, koma mu 2025 linayamba kuyesera njirayi.

Anthu amasiyana maganizo pa za kuyeza mapilitsi, ndipo nafenso tikhoza kusiyana. Chimene tonse tingatolepo n'chakuti mantha paokha sanateteze anawa. Mwana amene wangoopsezedwa amabisa, ndipo wobisa amafika mochedwa ku chipatala.

5. Zizindikiro zoti munthu apite ku chipatala msanga

Tiziloweze pamtima ndipo tiwaphunzitse ana athu:

(a) Sakudzuka ngakhale mutamuitana mokweza kapena kumutsina.
(b) Akupuma pang'onopang'ono, kosakwana ka 8 pa mphindi, kapena akumaima kupuma kwa masekondi 10, kapena akuliza mkonono wachilendo.
(c) Milomo ndi zikhadabo zasintha mtundu, thupi lazizira ndipo lili nyontho.
(d) Akusanza mosalekeza, kapena akusanza ali chikomokere.
(e) Thupi latentha kwambiri, akubwebweta, sakuzindikira anzake, nsagwada kapena miyendo yauma.
(f) Akugwedezeka ngati wa khunyu.
(g) Akudandaula mutu waukulu kapena kupweteka pachifuwa.
(h) Wagwa n'kumenyetsa mutu.

Chizindikiro chimodzi chokha n'chokwanira. Kumbukiraninso kuti malungo aakulu, matenda a shuga ndi kuvulala m'mutu zimaoneka ngati kuledzera. Fungo la mowa m'kamwa lisatipusitse.

6. Chithandizo choyamba

Choyamba, wina athamange kukaitana achipatala a pa phwandopo kapena kukapeza galimoto, wina atsale ndi wodwalayo. Asasiyidwe yekha m'tenti kapena m'galimoto yotseka.

Chachiwiri, ngati akupuma koma sakudzuka, mugonekeni cham'mbali. Mwendo wapamwamba upindike pa bondo kuti asagubuduke, dzanja likhale kunsi kwa tsaya, mutu upendekere pang'ono kumbuyo, pakamwa payang'ane pansi kuti masanzi azituluka. Yang'anirani kupuma kwake kufikira thandizo litafika. Akasiya kupuma, mugonekeni chagada ndi kuyamba kudinikiza pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mofulumira, osaleka.

Chachitatu, mukhudzeni. Ngati thupi lazizira, mufunditseni chitenje. Ngati latentha kwambiri, mupititseni pamthunzi, masulani zovala, mumunyowetse ndi madzi thupi lonse ndi kumukupiza.

Chachinayi, munthu wosadzuka bwino musamumwetse kanthu, kaya madzi, mkaka, phala kapena mankhwala azitsamba. Musamupisenso chala kukhosi kuti asanze. Wa khunyu musamuike supuni m'kamwa, ingochotsani zinthu zimene zingamuvulaze.

Chachisanu, uzani achipatala zoona zokhazokha: wamwa chiyani, chochuluka bwanji, nthawi yanji. Ngati botolo kapena pilitsi latsala, litengeni. Namwino amafunsa zimenezi kuti adziwe mankhwala oyenera kupereka. Bodza limamutayitsa nthawi imene wodwalayo alibe.

7. Ngozi zina zoyenda ndi mowa

*Nyanja.* Munthu woledzera amadziona ngati katswiri wosambira, chonsecho miyendo ilibe mphamvu. Usiku palibe amene angamuone akumira. Lamulo likhale limodzi: wamwa, asalowe m'madzi.

*Msewu.* Amene wamwa mpaka mbandakucha amakhala akadali ndi mowa m'magazi m'mawa, ngakhale atasamba ndi kumwa tiyi. Misewu ya M5 ndi M14 imadzaza ndi anthu obwerera kwawo otopa. Mwana asakwere galimoto kapena njinga yamoto ya munthu amene wamwa.

*Kugwiriridwa.* Pali anthu oipa mtima amene amathira mankhwala m'chakumwa cha mnzawo, kapena kumuumiriza mowa dala. Chakumwa chitsekulidwe mwini wake akuona, ndipo asachisiye poyera. Zoipa zikachitika, wolakwa ndi wogwirirayo, ngakhale mtsikanayo anali atamwa. Apite ku chipatala msanga asanasambe, ndi zovala zomwezo. Mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV otchedwa PEP amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo kufulumira ndiko kwabwino. Kumeneko adzathandizidwanso pa za mimba ndi matenda ena opatsirana pogonana. Ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Anyamata nawonso zimawachitikira.

*Mankhwala a masiku onse.* Amene amamwa ma ARV, mankhwala a khunyu, a shuga kapena a mphumu awatenge ndipo asadumphitse. Amene akumwa Flagyl asakhudze mowa.

8. Kukambirana ndi mwana asananyamuke

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Koma kutsina khutu kuli ndi nthawi yake. Sankhani nthawi imene nonse mitima ili m'malo, osati pamene chikwama chili kale kumsana. Nenani maganizo anu mosabisa: ngati simukufuna kuti amwe, muuzeni, ndipo mupereke zifukwa zimene taphunzirazi. Kenaka funsani: ukupita ndi yani, mukagona kuti, mubwera ndi galimoto ya yani? Tengani nambala ya mnzake mmodzi, ndipo iyenso akhale ndi yanu. Mupatseni ndalama yapadera ya chakudya ndi ya thiransipoti yobwerera, aisunge payokha. Mukumbutseni kuti akafika ayambe waona pamene pali tenti ya achipatala, ndiponso kuti iye ndi anzake apangane kuti palibe wosiya mnzake.

Pomaliza muuzeni mawu onga awa: "Mwananga, chilichonse chikakuchitikira, iwe kapena mnzako, undiimbire foni ngakhale pakati pa usiku. Ndidzayamba ndakuthandiza. Zokambirana tidzakambirana kukacha." Mukalonjeza, musunge lonjezolo. Mwana akaimba n'kulandira zotukwana, sadzaimbanso.

Ena adzati kumuphunzitsa mwana zimenezi n'kumulola kuti azimwa. Taganizani: timaphunzitsa ana kuwoloka msewu ngakhale sitifuna kuti azisewera pamsewu. Ndiponso mwana wanu amene samwa n'komwe akhoza kukhala yekhayo wa maso pa gulu, amene angapulumutse mwana wa mnzanu.

Pali chinanso chimene chimatikhudza ife eni. Mayi ambiri amaopa kuti anzake a m'gulu akamva kuti mwana wake anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha mowa, nkhani iwanda mudzi wonse. Manyazi amenewa amachititsa makolo kumusunga mwana m'nyumba pamene akufunika dokotala. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Gulu lathu likhale malo amene mayi angathe kunena vuto lake popanda kuliona likuyenda pa WhatsApp madzulo ake.

Ngati kumwa kapena kusuta kwasanduka chizolowezi, mwana wayamba kuba, kujomba kusukulu, kusagona kapena kuyankhula zosamveka, pitani naye ku chipatala cha boma mukafunse za namwino woona za matenda a maganizo. Chipatala cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso cha Zomba Mental, chimathandiza anthu otere. Chizolowezi ndi matenda ndipo chimachizika.

9. Kwa amayi a geni

Inu amene mumagulitsa pa maphwandowa ndinu amene mumakhala pafupi ndi ana athu pamene ife tili kutali. Lamulo siliola kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18. Woledzera kale musamuonjezere. Khalani ndi madzi akumwa aukhondo pa benchi panu. Mukaona mwana wagona pa dzuwa kapena kuseri kwa matenti, musamudutse: mugwedezeni, muone ngati akupuma bwino, muitane thandizo.

Mafunso okambirana m'magulu

1. M'dera lathu, ndi misonkhano iti imene achinyamata amachezera usiku wonse? Kodi zimene taphunzirazi zikukhudzanso maukwati, zinkhoswe, mipira ndi maphwando a kumapeto kwa chaka?
2. Ndi njira ziti zimene anthu kwathu kuno amakhulupirira kuti zimathetsa kuledzera? Ndi ziti mwa izo zimene zingaphe munthu?
3. Mwana wanu atakuimbirani usiku kuti mnzake wakomoka, mungamuuze kuti achite chiyani? Tchulani mwandondomeko.
4. Kodi zimene timachita ife akuluakulu pakhomo, amayi ndi abambo omwe, zimawaphunzitsa chiyani ana pa nkhani ya mowa?
5. N'chiyani chimene chingalepheretse mayi wa m'gulu lathu kutiuza vuto la mwana wake, ndipo tingachichotse bwanji?

Zoti tichite

Musanabalalike, yalani mphasa ndipo awiriawiri muyeserere kugoneka munthu cham'mbali kufikira aliyense atadziwa. Wina awerenge kupuma kwa mnzake kwa mphindi imodzi. Sabata ino mayi aliyense aphunzitse wachinyamata mmodzi, wake kapena wa mnansi, zizindikiro 8 zija ndi kagonekedweka. Mlembi alembe dzina la chipatala chapafupi chimene chimatsekula usiku, ndi anthu awiri a m'dera amene ali ndi galimoto. Pa msonkhano wotsatira tidzayamba ndi kumva mmene zokambirana ndi ana athu zinayendera.